A Mwale ndi Ndowe za Akavalo

Chithunzi chimene anaika pa pulogalamu ya mwambo wokumbukira a Mwale ndinajambula ndine. Aima pakati pa chimanga chowapitirira msinkhu, dzanja limodzi lagwira phesi, chipewa chapendekera kumanzere, akumwetulira mpaka magweru akuonekera. Loweruka lapitali tinasonkhana m'holo ya tchalitchi chathu ku Silver Spring, poti patha chaka chimwalirireni mkuluyu, ndipo aliyense wolandira pepalalo ankati koma ndiye ndi iwowo enieni. Mwana wawo, Lonjezo, anabwera kudzandikumbatira. Anati pa zithunzi zonse za bambo ake palibe china chimene akuoneka okondwa chonchi. Ine ndinangoti zikomo, maso ali pansi. Sindinamuuze kuti chithunzi chimenechi n'chimene chinaipitsa dzina la bambo ake, ngakhale theka la azimayi amene anali m'holomo akuidziwa bwino nkhaniyi.

A Jailosi Mwale kwawo kunali ku Dowa. Kuno kutsidya kwa nyanja anabwera kalekale, akuyendetsa galimoto ya banja lina la ku ofesi ya kazembe, ndipo banjalo litabwerera kumudzi iwo anatsalira. Anagwira ntchito zosiyanasiyana, yomaliza inali yokonza mipope ndi zitseko pa nyumba ina yosungira okalamba ku Fairfax. Mayi a kunyumba kwawo atamwalira, Lonjezo, amene ndi nesi, anawatenga kuti azikakhala naye ku Springfield, m'chipinda chapansi chimene chitseko chake chagalasi chimatulukira kuseri. Iye ankafuna kuti bambo ake apume, azionera kanema ngati nkhalamba zinzawo. Iwo anangoyang'ana kapinga wa kuseriko, n'kumupondaponda ndi chidendene, kenako n'kufunsa kumene amagulitsa mafosholo.

Ife Amalawi a kuno, makamaka azimayi amene timasamalira odwala ndi okalamba, tili ndi matenda a dimba. Munthu umaweruka miyendo itatupa, koma ukakumbuka kuti nkhwani wako sanamwe madzi umadzukanso. Ena tili ndi timabedi m'dimba lobwereka limene anthu ambiri amagawana, ena kuseri kwa nyumba, ena m'zidebe pakhonde la fulati. Timadzala zimene masitolo a kuno sazidziwa: nkhwani, khwanya, bonongwe, chisoso, ndi matimati oti ukadula amanunkhiradi matimati. Vuto ndi dothi. Ndi katondo wouma gwa, dzuwa likawala amang'ambika, mvula ikagwa amamata khasu. Kwa zaka zambiri chimene chinkafewetsa dothi limeneli m'madimba athu onse chinali manyowa ochokera kwa a Mwale. Sankagulitsa. Ife tinkangowapatsa ndiwo zamasamba, poti iwo kuseri kwawo ankadzala chimanga chokhachokha. Ankati masamba ndi a azimayi, mwamuna munda wake ndi chimanga.

Ndowe ankakazitenga ku khola lina la akavalo kunja kwa Fairfax, kumene anthu a ndalama amasungitsa akavalo ongokwera Loweruka. A Mwale, amene anakula akuthira ndowe za ng'ombe m'ngolo ya bambo awo, ankawatcha akavalowo ng'ombe zaulesi: salima, sakamidwa, koma amagona pabwino kuposa anthu. Ntchito yawo yeniyeni, ankatero, ndi imene amasiya pansi. Eni khola amangopereka, bola ubwere ndi galimoto yako ndi msana wako. Galimotoyo inali ya a Tembo, m'bale wathu wa ku Lusaka amene amaika matailosi m'nyumba za anthu, ndipo ulendo uliwonse awiriwa ankakangana zomwezomwezo.

"Ba Mwale, iyi motoka izankala inunkha wiki yonse. Bakazi banga bazanipitikisa pa nyumba."

"Akakupitikitsani mubwere mudzagone pa mulu, a Tembo. M'pofunda kuposa kwanu."

M'mbali mwa mpanda anamanga zipinda zitatu ndi matabwa otola kuseri kwa masitolo. Choyamba chinali cha ndowe zaziwisi, chachiwiri cha mulu umene ukupsa, chachitatu cha manyowa okupsa kale. Mu Novembala, anthu a mumsewu mwawo akamasesa masamba n'kuwaika m'matumba kuti akatayidwe, a Mwale ankayenda ndi wilibala n'kumatola matumbawo, Lonjezo ali pawindo manyazi atamugwira. Ankayala ndowe, pamwamba pake masamba ouma, kenako udzu wometa pa kapinga, kadothi pang'ono, n'kuwaza madzi, n'kuyambiranso. Madziwo ankawayeza ndi chikhatho: ankatapa n'kufinya, pazigwa dontho limodzi kapena awiri basi. Akachuluka, ankati mulu umamira n'kuyamba kununkha ngati chimbudzi. Akachepa, umangogona osagwira ntchito.

Pakati pa mulu pankakhala chitsulo chachitali chonga chomangira nyumba. M'mawa uliwonse ankachizula n'kuchigwira. Chikawaotcha ankaseka okha. Chikayamba kuzizira ankatenga foloko yaikulu n'kutembenuza mulu wonse, zakunja zilowe m'kati, n'kufunditsanso lona, chinsalu chokhuthala chosalowa madzi. Ankatiuza kuti kavalo si ng'ombe, sabzikula, choncho njere za udzu zimatuluka zamoyo, ndipo mulu ukapanda kutentha mokwanira ndiye kuti wadzidzalira wekha tchire m'dimba. Ndowe za m'khola loyalamo utuchi ankazipatsa miyezi yowonjezera. Manyowa ankati apsa akada bii, nyongolotsi zikalowamo, ndiponso akamanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba, moti sungadziwenso kuti poyamba zinali chiyani. Pa zonsezi woweruza womaliza inali mphuno yawo.

Tsiku langa loyamba kufika kwawo linali la mu Januwale, kukuzizira koti makutu kuwawa. Ndinali ndisanathe chaka kuno, ndipo ndinkalira pafupipafupi. Anandifunsa mfunda wanga, ndinati Nabanda, ndipo kuyambira pomwepo dzina langa linalo sanalitchulepo. Azimayi tonse ankatiitana choncho, ndi mifunda, ngati tili kumudzi. Anakankha lona, nthunzi n'kutuluka, n'kundiuza kuti ndivule golovesi ndipise dzanja. M'katimo munali motentha ngati pansi pa nkhuku yokhalira mazira.

"Mwamva, Nabanda?" anatero. "Dziko lino silinafe lonse."

Ndisawakometsere poti anamwalira. A Mwale anali ndi pakamwa. Ukagula dothi la m'matumba ku sitolo ankakufunsa ngati ana akonso unawagula komweko. Ukapempha manyowa asanapse, ngakhale uchonderere chotani, ankakubweza chimanjamanja. Ukadzala mothinana ankazula okha mbande zako iwe uli pomwepo. Mayi wina wa ku ofesi ya kazembe anatumapo dalaivala kuti akamutengere matumba awiri. A Mwale anamudyetsa dalaivalayo, kumumwetsa tiyi, n'kumubweza ndi uthenga wakuti mwini dimba abwere yekha adzanunkhize, chifukwa iwo sapereka manyowa kwa munthu amene sanawagwirepo ndi manja. Pa nkhani ya dothi sankavomera kulakwa, ndipo chokwiyitsa chinali chakuti nthawi zambiri ankakhala olondola.

Mkangano umene ankakonda kuusimba unali wa mzungu woyandikana nawo nyumba. Bamboyo anakadandaula ku komiti ya eni nyumba za m'deralo za fungo ndi ntchentche, ndipo kalata inabwera m'dzina la Lonjezo.

"Adadi, kuno si ku Dowa," anatero Lonjezo, kalata ili m'manja. "Anthu awa akhoza kutitengera ku khoti chifukwa cha ndowe. Please, ingosiyani."

"Amene wadandaulayo watchula dzina lake?"

"Eya, ndi bambo a nyumba iyi."

"Ndiye ndi munthu. Ndikalankhula naye."

Anapitadi, atanyamula chidebe cha manyowa okupsa, n'kumuuza bamboyo kuti anunkhize. Anakangana pa mpanda milungu ingapo. Mapeto ake a Mwale anasamutsa zipinda zonse zitatu ndi wilibala kupita ku ngodya ina, n'kulonjeza kuti ndowe zaziwisi azibweretsa nyengo yozizira yokha ndipo azizikwirira ndi masamba tsiku lomwelo. Awiriwa sanakhale mabwenzi, koma a Mwale ankamutchula mwaulemu. Ankati munthu wokuuza pamaso kuti ukununkha savuta kukhala naye. Nthawi imeneyo ndinkangoseka nawo, osadziwa kuti mawuwo adzandikhalira ine.

Chaka chimene zinthu zinaipa, manyowa anali okongola kuposa zaka zonse. Mu Epulo a Tembo anazungulira nawo m'madimba, thumba thumba. Pakati pathu pali Nangozo, mayi wamasiye wofatsa amene amagwira ntchito nyumba ziwiri za okalamba. Iye anali ndi nyemba za nanyati zimene amayi ake anamupatsa ulendo womaliza kuwaona ali moyo. Chaka chilichonse ankadzala theka, theka n'kusunga m'kabotolo. A Mwale anamupeza akugawa nyembazo m'chikhatho.

"Dzalani zonse, Nangozo. Ndi manyowa awa mukolola zoti aliyense pano apeze mbewu."

"Koma bambo, ine ndimasiyako."

"Mukusungira anankafumbwe? Dzalani."

Anadzala zonse.

Zinamera bwino. Koma pofika mu Juni masamba a kunsonga anayamba kupindika ngati chibakera cha khanda, ena n'kuwonda ngati zingwe. Nyemba sizinayange. Matimati anga anapotoka, maluwa n'kuyoyoka. Aliyense amene analandira thumba, kuyambira ku Silver Spring mpaka ku Fairfax, ankalira chimodzimodzi. Tinafunafuna tizilombo kunsi kwa masamba, tinapopera, tinapemphera. Palibe chinasintha. Nangozo ankapita ku dimba asanalowe ntchito n'kumakangoima.

Amene anapita ku Springfield kukawafunsa ndine, mu Julaye, tsiku langa lopuma, nditakulunga nthambi ya matimati m'pepala. Anaitembenuza kawiri n'kundibwezera.

"Mwathirira kwambiri. Azimayi inu mumathirira ngati mukuchapa mabulangete."

"Tonsefe, bambo? Mwina manyowa a chaka chino..."

"Manyowa atani? Bwerani kuno."

Ananditengera pa chimanga chawo. Chinali chobiriwira moderako, mapesi onenepa ngati nzimbe.

"Mulu womwewo," anatero. "Jambulani, mukawaonetse anzanuwo."

Anakonza chipewa, anagwira phesi, n'kumwetulira. Ndinajambula.

Ndinatuluka mtima ukuwawa. Ulendo wonsewo, basi ndi sitima, tsiku langa lopuma, n'kukanyozedwa ngati mwana. Ndili m'sitima pobwerera ndinatumiza chithunzicho pa gulu lathu la pafoni la azimayi a madimba, limene Lonjezo mulibe, n'kulemba kuti: zathu zonse zapinimbira, za eni manyowa ndi izi, nanga zimenezi n'zotani? Sindinawonjezere liwu lina, ndipo silinafunike. Ndisanatsike sitima wina anali atalemba kale za kukawa.

Kumudzi tonse tinakula tikumva za munthu wokawa, amene amati amakoka zokolola za m'minda ya anzake ndi mankhwala, nkhokwe yake n'kudzaza za anzake zili pululu. Ife ndife anthu opemphera. Ena mwa ife amawerenga zolemba za madokotala tsiku ndi tsiku. Mukanatifunsa mmodzimmodzi, aliyense akanakana kwamtuwagalu kuti sakhulupirira zimenezo. Koma nkhaniyo inayenda. Wina anakumbuka kuti mkuluyu amatola masamba a pakhomo pa eni ake. Wina anati amamveka akuseka yekha pa mulu m'mamawa. Wina anafunsa kuti munthu angavutikirenji chaka chonse n'kumangogawa ulere. Zonse zimene tinkawayamikira nazo zinasanduka umboni.

Palibe anawauza pamaso. Moni tinkawapatsira patali. Mu Ogasiti, monga mwa chizolowezi chawo, anabweretsa beseni la chimanga chachiwisi chophika pa chakudya cha pambuyo pa mapemphero. Zaka zonse chimanga chimenechi tinkachita kulimbirana. Tsikulo azimayi ankakoka ana awo mwakachetechete. Anatengapo a Tembo okha, zisononkho ziwiri, n'kumatafuna mokweza dala. Ndinawaona a Mwale akufunditsa beseni lija ndi nsalu n'kulinyamula kupita nalo ku galimoto lili lodzaza. Tsiku lomwelo a Tembo anawaonetsa chithunzi chija pa foni ya akazi awo, pamodzi ndi zonse zimene zinalembedwa m'munsi mwake. A Mwale sanafunse kuti wajambula ndani. Ankadziwa amene anamumwetulira.

Zotsatira zake anatisimbira ndi a Tembo. M'mawa mwake a Mwale anawaimbira kuti apite ku khola lija, ndipo atenge nthambi zopotoka za m'dimba la akazi awo. Mayi woyang'anira kholalo atangoziona anagwira pakamwa. Anati iwo si oyamba kubwera nazo. Chaka cham'mbuyo mwake udzu wouma wodyetsa akavalo unawathera, n'kugula kwa mlimi wina, ndipo udzuwo unachokera m'munda wopoperedwa mankhwala amene amapha zomera za masamba otambalala n'kusiya udzu. Kavalo amadya osadwala, mankhwalawo amatulukira m'ndowe, ndipo kutentha kwa mulu sikuwathetsa mphamvu. Alibe fungo, alibe mtundu. Chimanga sichimva kanthu chifukwa ndi m'bale wake wa udzu. Nyemba ndi matimati ndiye zimayamba kuvulala. Mayiyo anapepesa, n'kuwauza njira yoyesera: kudzala nyemba m'makapu, ena a manyowa osakaniza ndi dothi, ena a dothi lokha, n'kudikira milungu itatu kapena inayi.

Pobwerera, atalowa mu Springfield, mkuluyu anatembenukira kwa a Tembo. Anati, "Zaka zonsezi ndimanunkhiza, a Tembo. Chopanda fungo ndikanachidziwa bwanji?" Patapita kanthawi anadziyankha okha kuti akanayesa.

Lamulungu lina kumapeto kwa Seputembala, tili mkati modya, analowa m'holo atanyamula thireyi ya makapu apulasitiki. Anaiika pa tebulo la pakati n'kupempha mkulu wa mpingo kuti alankhulepo. Mzere umodzi nyemba zinali zowongoka, masamba ali tambasu. Mzere winawo zinali zopindika ndendende ngati za m'madimba athu. Anafotokoza za udzu ndi mankhwala aja pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa. Kenako anavula chipewa.

"Wolakwa ndine. Ndinakupatsani chinthu chimene sindinayese, ndipo mutabwera kudzandiuza ndinakunyozani. Nabanda anabwera ndi nthambi m'manja, ine n'kumawauza za mabulangete."

Anatchula dzina langa popanda mkwiyo uliwonse, ndipo zikanandipepukira akanandilalatira. Anayenda mpaka pamene panakhala Nangozo, anagwira mpando, n'kugwada. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, maondo akulira.

"Mayi, mbewu ya amayi anu ndapha ndine. Osati ndi mankhwala a kumudzi ayi. Ndi pakamwa pangapa."

"Dzukani, bambo," anatero Nangozo, misozi ikutsika. "Chonde musandigwadire ine."

Mkulu wa mpingo anati nkhani yatha, tapepesana, tipemphere. Anthu anaomba m'manja. Koma sitinapepesane ayi. Anapepesa munthu mmodzi, pa mlandu wa manyowa. Mlandu wathu, womutcha munthu mfiti kumbali, palibe anautchula. Ine foni inali m'chikwama pamiyendo panga, chithunzi chili momwemo. Ndinkadziuza kuti pemphero likatha ndiimirira. Litatha anthu anayamba kusonkhanitsa mbale, nanenso ndinatenga mbale.

Mwezi wotsatira wonse a Mwale ankakwera basi ndi sitima kuchokera ku Springfield kupita ku dimba la Nangozo, n'kumakumba dothi loipalo ndi fosholo, a Tembo n'kumadzalichotsa Loweruka. Enafe anatiuza kuti m'mabedi amenewo tidzalemo chimanga chaka chimodzi kapena ziwiri, mapesi ake tizikataya, osawabwezera m'dothi. Anafunafuna nanyati kulikonse, mpaka anapeza kathumba ku sitolo ina ya zakudya za kwathu. Nangozo anadzala, anakolola, anathokoza, koma kwa ine anati si zomwezo. Mwina zinali zomwezo ndithu, kungoti sizinadutse m'manja mwa amayi ake.

Mu Epulo wotsatira a Mwale analengeza kutchalitchi kuti manyowa apsa, ndipo thumba lililonse aliyesa palokha ndi nyemba. Anati tsopano ku khola amayamba afunsa kumene udzu wachokera asanakweze fosholo. Palibe anapita, kupatula banja la a Tembo. Ena mantha anali asanawathere, poti munthu ukamva zoterezi za mnzako sizituluka zonse. Ambirife anali manyazi. Tinayamba kugula dothi la m'matumba, lomwe lija ankatiseka nalo.

Ine ankandipeza pakhomo la tchalitchi.

"Nabanda, anu alipo. Ndayesa."

"Ndibwera Loweruka, bambo."

"Chabwino. Mundipeza."

Zaka zitatu tinalankhulana mawu omwewa mwezi wa Epulo ukafika. Sindinapite. Kamodzi ndinakwera sitima mpaka ku Springfield, ndinatsika, n'kukweranso yobwerera. Kufika pakhomopo kukanatanthauza kuima pamalo pomwe ndinajambulira, tili awiriwiri, ndipo ndikanayenera kunena. Ndinkadzinamiza kuti mashifiti achuluka. M'zaka zimenezo a Mwale anasiya kukalipa. Sanazulenso mbande za munthu, sanasekenso dothi la munthu, ndipo chimanga chophika sanabweretsenso. Anthu ankati mkuluyu wafatsa ndi ukalamba. Ine ndikudziwa chimene chinawafatsitsa, ndipo chimandidya mpaka lero.

Anadwala chibayo mu Malichi chaka chatha. Anagona m'chipatala masiku owerengeka, basi, thupi n'kupita ku Dowa. Pa mwambo wa Loweruka lija anthu analankhula zabwino zokhazokha, za kuwolowa manja kwawo, za nkhwani amene tinadya chifukwa cha iwo. Mmodzi mwa olankhulawo ndi yemwe uja analemba za kukawa. Sindikumuweruza. Iye analemba liwu, koma chithunzi ndinatumiza ndine.

Pomaliza Lonjezo analengeza kuti kuseri akufuna kudzalanso kapinga, ndiye wofuna manyowa otsala akatenge. Dzulo ndinapita. Ndinamupeza atavala kale za kuntchito, akuthamangira shifiti. Ndinamufunsa kumene anachipeza chithunzi chija.

"Chinali mu foni mwawo, anti, a Tembo ndi amene anawatumizira. Ankachikonda. Ankangoti anajambula ndi Nabanda, chaka chimene chimanga chinachita bwino. That's all."

Anandisiyira kiyi wa geti n'kunyamuka.

Pamene panali chimanga pali tchire louma la chaka chatha, mizere ikuonekabe pansi pake. Wilibala yagadabuzika m'mbali mwa mpanda, tayala laphwa. Chipinda choyamba chilibe kanthu, matabwa ake ayamba kuwola. M'chachiwiri mulu unatsika n'kuphwa, lona lang'ambika, ndipo chitsulo chija chikadali chozikika pakati. Ndinachizula n'kuchigwira. N'chozizira. M'chachitatu muli matumba osanjidwa bwino, omangidwa pakamwa ndi chingwe, lililonse lolembedwa mfunda wa mwini wake ndi inki yakuda imene dzuwa lafufutako.

Ndinasuzumira pa chitseko chagalasi cha chipinda chawo. Lonjezo sanasunthemo kanthu. Pansi, pomwe dzuwa la m'mawa limafika, pali thireyi ya makapu. Anali atadzala nyemba asanapite kuchipatala, ndipo zinamera, zinakula, n'kuuma poti panalibe wothirira. Makapuwo nawonso ndi olembedwa: Nangozo, Naphiri, Nasibeko, Amake Dalitso. Ya kumapeto kwa mzere ndi ya Nabanda. Nyemba yake inauma ili chiimire, tsinde lowongoka, masamba aakulu ndi athunthu, osapindika ngakhale limodzi.